Kafupa m'Makina Otsukira Mbale

Mkono wa mayi wotsuka mbale unali m'madzi onunkha amene anadikha pansi pa makina atsopano. Zala zake zinakhudza kafupa ka nkhuku katatsamira m'sefa, mpunga utamatirira mozungulira.

"Mwachipeza chatsekacho, mayi?" anafunsa mwini lesitilanti. "Makinawa akangoyamba kugwira ntchito, manja anuwo apume. Mawa musavutike n'kubwera."

Mayiyo anaganizira ana ake, amene ankadalira zotsala m'mbale za pamenepo. Akanatha kungonena kuti palibe chimene wapeza. Koma manja ozolowera kuyeretsa sadziwa kusiya nyansi. Anasolola kafupa kaja.

Madzi anatsika akulira m'paipi, bwanayo n'kuomba m'manja.

Mayiyo anapukuta makinawo mpaka kunyezimira, kenako anapachika epuloni yake pamsomali.