Bomba Lopanda Kadontho

Mayi wina, mphunzitsi, anaima pakhomo la chipinda cha malemu bambo ake, tsache lili m'manja. Kulowa amaopa, kuchokapo amaopanso. Maso ake anali pa shelefu ya pamwamba, pomwe panaima bomba lalitali ngati mkono wa munthu, lofiira ndi dzimbiri.

Bambo akewo anali msilikali wopuma. Anzawo atapuma ankaweta nkhuku, koma iwo ankatolera zotsala za nkhondo: timakoko ta zipolopolo, michira ya mabomba, tizitsulo ta manambala tosadziwika mutu wake. Chilichonse chinali ndi kakhadi kake, kolembedwa kukula kwake, chaka chake ndi komwe anachitola. Ukangotambasula dzanja ankakuyang'ana kamodzi kokha, iwe n'kulibweza wekha. Kufotokoza ndiye ayi, sankadziwa. Anamwalira mwezi watha, ndipo Loweruka limeneli mwana wawoyo anati akonze m'chipindamo.

Mabomba aakulu analipo anayi. Atatu anawapeza m'bokosi la mchenga pansi pa zenera, lililonse lili ndi kadontho ka penti woyera. Lachinayi, la pa shelefu lija, linalibe.

Kwa munthu amene wachonga makope a ana kwa zaka khumi ndi zisanu, nkhaniyi sinali yovuta. Chomwe wachiona n'kukhutira nacho umachichonga. Chosachonga ndiye kuti ntchito yake sinathe. Choncho a madonthowo bambo anali atawakhutula kale, lopanda kadontholi ndiye linali lamoyo. Nanga bambo akanaliikiranji pamwamba, pomwe zidzukulu sizingafikire?

Mwamuna wake, mmisiri wowotcherera zitsulo, anagwirizana nazo.

"Mwakhoza, aphunzitsi," anatero. "Mchengawu unali woletsa dzimbiri basi."

Ananyamula atatu a madontho aja mmodzimmodzi, n'kuwaika mu wilibala. Anati awadula mitu, awapukute, apange zoikamo maluwa pamanda pa apongozi ake. Anali atamanga kale loyamba pa tebulo la mu shedi yake kuseri kwa nyumba. Chimene chinamugwira manja ndi magetsi, omwe anathima m'bandakucha. Ngakhale m'chipinda cha malemu munali kamdima. Mayiyo anadina swichi kawiri, n'kuisiya choncho.

Ana anawatumiza kwa alamu ake, kenako anaimbira apolisi. Mwamuna wake anangoseka.

"Lakhala pamenepo zaka makumi awiri. Liphulike lero chifukwa mwaliyang'ana inu? Ine ndili ku shedi, magetsi akangoyaka ndiyambapo kudula."

Kudikira kunamupweteka. Lole ikadutsa mumsewu, magalasi a zenera ankanjenjemera, iye n'kuona ngati bombalo lagwedezeka. Msomali umodzi wa shelefu unali utapindika, ndipo akauyang'ana ankaona ngati ukupindikirabe. Anakumbukira kuti mwana wake wotsiriza ankagona masana pa bedi la agogo ake, mutu uli pansi penipeni pa shelefuyo. Anakumbukiranso tsiku lomwe iye mwini anakhomera kalendala pakhoma lomwelo, kumenya hamala mwamphamvu ngati khomalo lamulakwira. Mantha otere anali asanawamvepo chibadwire.

Chakumasana kunabwera msilikali wodziwa za mabomba, wamfupi, wa imvi za m'mbali, atanyamula kachikwama. Sanafune mpando.

"Mayi, kaimeni ku mpanda."

"Achimwene, miyendo ikukana."

Msilikaliyo anamuyang'ana, n'kumusiya pakhomo pomwepo. Anayatsa tochi, nayamba kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mashelefu, akuwerenga timakhadi, akutembenuza timakoko kuti aone manambala a kunsi.

"Bambo anu ntchito ankaidziwa," anatero motsitsa mawu. "Chaka, kukula, palibe chimene anaphonya."

Kenako anakwera pampando. Anaunika bombalo kumutu, m'mbali, kunsi. Anatulutsa kakhadi komwe kanali kuseri kwake, kuwerenga, kukaika m'thumba la shati. Msilikaliyo atalikumbatira bombalo ndi manja awiri, mphunzitsi anatsinzina. Anayamba pemphero koma mawu anabalalika, anangotsala akutchula mayina a ana ake.

Kunamveka kachitsulo kakukwecheka. Anadikira kuphulika. Zii.

Atatsegula maso, anaona msilikaliyo atapotokola mutu wa bomba ngati chivindikiro cha botolo, akuunika m'kati.

"Mulibe kanthu, mayi. Mbewa ikhoza kuswaniranamo."

Mayiyo anakhala pansi pomwepo, tsache n'kugwera uko. Anaseka, misozi ikutsika. Nanga si mwamuna wake amuseka chaka chathunthu? Anayamba kuganiza zokaitana ana, zothira madzi a tiyi, zopepesa munthu wamkulu amene wamuvutitsa ndi chitsulo chopanda kanthu.

Koma msilikaliyo sanaseke nawo. Chala chake chinali chikusisita malo ena owala pambali pa bombalo, aang'ono ngati batani la malaya.

"Apa panali penti woyera, anachita kupala ndi mpeni," anatero. Anatulutsa kakhadi kaja n'kuwerenga: "'Ndakhutula onga, ndafufuta kadontho.' Ndiye kuti kadontho ankaika pa amoyo okhaokha." Tochi yake inatsikira pansi pa zenera, pa maenje atatu a mumchenga. "Mayi, m'bokosi umu munali chiyani?"

Mayiyo asanatsegule pakamwa, babu la kudenga linayaka. Kuseri kwa nyumba galainda ya mwamuna wake yodulira zitsulo inayamba kulira.