Thadzi ndi Mgolo wa Manyowa

Padangotero, chaka chomwe nthaka idaguga, Thadzi ndi Pusi adalimbirana kadimba ka kuseri kwa khola. Adagwirizana kuti amene manyowa ake ayambe kupsa, dimba ndi lake. Aliyense adapachika mgolo wake pachitsulo chopingasa kuti uzizungulira, nathiramo makoko a nthochi, masamba ouma ndi madzi pang'ono.

Pusi, mwini manja, ankapukusa mgolo wake tsiku lonse. Akatopa ankatsegula chivundikiro, n'kusuzumira, n'kutolamo khoko loti atafune.

Thadzi ankabwera pakapita masiku atatu. Ankatsamiritsa chifuwa pamgolo kuti amve kutentha, n'kuukankha katatu, basi n'kumapita.

"Mayi, ndi ulesi umenewu mudzadya fumbi," adatero Pusi akuseka.

Thadzi sadakwiye. "Achimwene, ine ndafungatira mazira zaka zinayi. Dzira ndimalitembenuza pang'ono kuti lifunde ponseponse, koma sindiliswa kuti ndione ngati mwana wakula."

Patatha masabata asanu ndi limodzi, adakhuthula migolo ija. Wa Pusi udatulutsa makoko ozizira, onanda, odzaza ntchentche. Wa Thadzi udatulutsa manyowa akuda bii, ofunda, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba.

Pusi adatapako, nanunkhiza. Kenako adawomba m'manja mwaulemu.

"Dimba ndi lanu, mayi. Koma chonde mundiphunzitse."

Thadzi adamuthandiza kudzazanso mgolo, natseka chivundikiro kuti gwa.

"Ndiye tsopano nditani?" adafunsa Pusi, zala zikumuyabwa kale.

"Pindani manja anuwo mpaka Lachinayi."