Nyimbo ya Mabotolo Zana

Nyimbo inali itafika pa mabotolo 87 pamene Nyundo analowa m'chipinda cha makompyuta nakhala pampando wa kumbuyo.

Mphunzitsi watsopano anamuona akulowa. Lero linali tsiku lomaliza la miyezi itatu yomuyesa ntchito, ndipo womulemba kapena kumuchotsa anali mkulu wa koleji yemweyu. Dzina la Nyundo silinangobwera. Miyezi itatu yapitayo bamboyu analetsa mowa pa phwando la aphunzitsi, nachotsa matambula onse mu kabati ya mu ofesi yake. Anthu ankati akangomva kafungo, munthu wapita.

Ndiye taonani tsoka lake. Pa tsiku ngati limeneli, pa khoma pankawala pulogalamu yoimba nyimbo ya ku bala.

"Mabotolo 86 pa thebulo, tsegula limodzi, gugudiza, atsala 85."

Ophunzira amene ankaomba madesiki mphindi yapitayo analeka pomwepo. Kuzimitsa kukanaoneka ngati wagwidwa akuba, choncho mphunzitsiyo anapitiriza.

Anafotokoza kuti m'chinenero ichi cha kompyuta, kalasi ili ngati chikombole cha njerwa: umachipanga kamodzi, nkuumbira zana. Kalasi yake anaitcha Botolo. Botolo lililonse limadziwa nambala yake, mawu ake oimba, ndi mnzake wobwera pambuyo pake.

Nyundo anatsegula kabuku kakuda. Anaika maswiti awiri m'kamwa nthawi imodzi, namwera madzi a m'botolo lomwe sankalisiya kulikonse. Cholembera chinali m'manja. Mphunzitsiyo anaganiza za mkazi wake, amene m'mawa anamusitira malaya kawiri, ndipo mtima unamuwawa.

"Vuto lili kumapeto," anatero mphunzitsiyo. "Sitinena kuti mabotolo limodzi atsala. Timati botolo limodzi latsala. Ndiye timapanga kalasi ina, mwana wa Botolo. Mwana amatengera zonse kwa kholo lake popanda kulembanso chilichonse. Koma pamene pasakumuyenera, amalemba mzere wakewake, ndipo wa kholo uja sugwiranso ntchito."

Cholembera cha Nyundo chinaima.

Manambala anapitirira kutsika. 40, 39, 38. Kumbuyo kuja Nyundo ankapukuta pachipumi ndi mpango, nsagwada zitalimba. Ameneyu wakwiya zenizeni, anaganiza mphunzitsiyo. Bwanji sindinasankhe mazira kapena mbuzi?

Botolo lomaliza linatsegulidwa. Pa khoma panabwera mawu a mwana wachiwiri, amene anamutcha Palibe: "Mabotolo atha, itanitsa ena!" Pomwepo 100 inabweranso pamwamba, nyimbo nkuyambiranso.

"Imitsani," anatero Nyundo.

Chala cha mphunzitsiyo chinaphonya batani kawiri chisanaimitse. Belu linalira, ophunzira anatuluka mwakachetechete ngati akuchoka pa maliro, wina mpaka anamugwira paphewa mphunzitsi wawo.

Nyundo anayenda pang'onopang'ono pakati pa madesiki, nayang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Ikafika pa palibe, imabwerera ku zana nthawi zonse?"

"Eya, bwana. Ndi mmene nyimboyi imaimbidwira. Pepani kwambiri, ndinangofuna chitsanzo choti ana asagone. Ine mowa sindimwa n'komwe."

"Sindinakufunseni zimenezo. Mwati mwana amatengera zonse kwa kholo."

"Zonse, bwana."

"Koma angathe kukana?"

Funso lamtunduwu limakhala msampha, koma yankho lake linali limodzi basi.

"Angathe. Bola mzere wake ulembedwe. Akapanda kulemba, amangochita za kholo."

"Za ntchito musavutike nazo, ndinasayina dzulo," anatero Nyundo, akukoka mpando. "Khalani pansi mundisonyeze polemba, kuti ikafika pa palibe iime pomwepo."

Anaika kabuku kakuda kaja pa desiki kali chitsegulire. Munalibe liwu ngakhale limodzi lonena za phunzirolo, munali timizere tokhatokha, kamodzi pa tsiku.

"Bambo anga anafa botolo lili m'manja," anatero motsitsa mawu. "Ine lero ndi tsiku langa la 94 osalawa mowa."