Khanda la pa Kalembera wa 1930

"Agogo, bwanji mphuno yanu ikufanana ndi ya a Vlasta oyandikana nafewa?" Mdzukulu atafunsa zimenezi kalelo, Božena anangoseka.

Lero sakuseka. Boma latulutsa mapepala a kalembera wa 1930, ndipo panyumba ya agogo aamuna a Božena, obala bambo ake, khanda la wantchito linalembedwa kuti ndi mwana wa mwininyumba. Khandalo ndi mayi a Vlasta, omwe mpaka pano amakhulupirira kuti bambo awo anali msilikali.

Božena anapeza Vlasta pamakwerero, akuthyola maapozi kumpanda.

"Wawerenga nawenso eti?" anafunsa Vlasta, osacheuka.

"Ndawerenga, msuwani."

"Usayambe, nkhalamba iwe. Amayi asamve zimenezi."

Božena anagwira makwererowo kuti asagwedezeke. "Malinga ali moyo, sadzamvera kwa ine. Ndalonjeza."