Makapu Awiri a Nachisale

Chiswe chitadya mabuku otsiriza a kuchipatala, pamudzi panaikidwa lamulo loti nyumba iliyonse izisunga pamtima mankhwala ake. A Gwaza ndiwo ankasunga madzi a mwana wotsegula m'mimba, koma tsopano anali atafa ziwalo mbali imodzi, mawu osatuluka.

M'mawa wina Nasibeko, woyandikana nawo nyumba, anafika atabereka mwana, maso a mwanayo atalowa m'kati.

"Amayi, ndithandizeni. Chiyambire dzulo akungotsegula."

Nachisale, mkazi wa a Gwaza, ankakumbukira muyeso wake: botolo la madzi owiritsa, masupuni asanu ndi imodzi, kenako theka la supuni. Koma ambiriwo anali a shuga kapena a mchere? Anasakaniza njira zonse ziwiri, nathira m'makapu, n'kugwada pamphasa ya mwamuna wake.

"Abambo, talawani."

Yamchere wambiri a Gwaza analavula, akupukusa mutu. Inayo anameza, misozi ikutsika. Mwana anamwa, ndipo anachira.

Patatha sabata a Gwaza anamwalira. Pamaliro mkulu wina ananong'oneza Nachisale: "Nanga mankhwala a njoka aja anakusiyirani?"

Nachisale sankadziwa n'komwe kuti mwamuna wake ankasunganso amenewo.