Njere Khumi ndi Ziwiri za Mbewa

Padangokhala, kale nyama zisanadziwe loko, Nungu anali ndi phanga louma losalowa nankafumbwe. Nyama zinkasungitsa mbewu zawo mmenemo kwaulere, poti Nungu ankabwereketsa mbewuzo kwa ena n'kumadya phindu.

Mbewa, mayi wamasiye wa ana anayi, anasungitsamo njere khumi ndi ziwiri za mtedza zoti adzadzale mvula ikagwa.

Chaka china phindu litachepa, Nungu analengeza kuti mwezi uliwonse azitapa njere ziwiri kwa aliyense. Nguluwe, mwini matumba makumi atatu, anangoyasamula. Mbewa anawerenga pa zala: kunali kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti mvula igwe.

"A Nungu, nanga ine ndidzadzala chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mayi, minga yangayi imathothoka polondera. Mtengo ndi umodzi kwa onse, sindikondera."

"Kwa a Nguluwe njere ziwiri ndi zogwa pakamwa potafuna. Kwa ine ndi mzere wa m'munda."

Nungu anangogwedeza minga.

Mbewa anatenga mtedza wake n'kukaukwirira pansi pa mphasa ya ana. Akuba sanabwere, nankafumbwe sanabwerenso. Chimene chinabwera ndi njala. Ana ankanunkhiza pansi pa mphasa akulira, ndipo mayi analephera kukhala mlonda wokaniza ana ake omwe. Ankawafukulira njere imodziimodzi.

Mvula yoyamba itagwa, Mbewa anapita kumunda ndi njere ziwiri zokha m'manja. Anazidzala mosamala, akudziwa kuti phanga lija silikanamusiyira ngakhale imodzi.