Madisiki Ochokela kwa Manuel

Consolata anapukuta disiki yachisanu ndi chiwili pa chitenje chake, naiika mu kompyuta, kenaka anakhala pa benchi kudikila. Inali itafika m'mawa womwewo pa basi ya ku Lusaka. Pamwamba pake mwamuna wake Manuel anali atalemba monga mwa masiku onse: "Dalaiva watsopano wa khadi ya zithunzi. Ungodina OK."

Kantemba kawo kanali kuseli kwa msika wa Petauke, pafupi ndi a salaula, ogulitsa zovala zakale. Manuel akali pano, makondakitala ndi ana a sekondale ankachita kukankhana pa benchi kuti asewele mpila wa pa kompyuta. Osewela ankathamanga pa sikilini ngati amoyo, mwe. Koma kuyambila pamene Manuel anapita ku Lusaka kukafuna nchito, zaka ziwili zapitazo, gemu inayamba kutsimphina. Munthu akamenya mpila, umaima m'mwamba ngati ukuganiza kaye, kuphethila chabe uli kale kunja.

Manuel anafotokoza zonse pa foni ya ku positi. Ati m'bokosi muja muli khadi imene imajambula zithunzi, ndipo khadiyo imamvela kapulogalamu kotchedwa dalaiva. Dalaiva akakalamba gemu imalema, watsopano akalowa imathamanganso. Ndiye iye azitumiza disiki miyezi ingapo iliyonse. Koma bokosilo asalitsegule munthu, adzatsegula mwini wake akadzabwela.

Apa Consolata sanafunse kawili. Alangizi a kwao ku Nyalugwe anamuuza kalekale kuti chinthu chotseka cha mwamuna, kaya sutukesi kaya chikwama, mkazi waulemu sapisamo dzanja. Nanga bokosi la kompyuta si chimodzimodzi? Ankangolipukuta pamwamba n'kulifunditsa kansalu.

Disiki iliyonse ikalowa, pa sikilini pankatuluka kauthenga ka Chingelezi chovuta, iye n'kudina OK. Tsiku loyamba ankalumbila kuti osewela achangamukako. Pofika Loweluka ankavomela chamumtima kuti palibe chasintha. Magemu atsopano amene Manuel ankaonjezela ndiye kunali kuipilatu, galimoto za mpikisano zinkayenda ngati ngolo yodzala thonje.

Anthu a pamsika mukuwadziwa kale. Amai Jennipher a tomato ankauza aliyense kuti Manuel anapeza wina ku komboni ya Chawama ku Lusaka, wopaka milomo. Consolata akamva ankangoloza madisiki ake, atapachikidwa bwinobwino pa msomali. Mwamuna woiwala mkazi angavutike kupita kusiteshoni kukapeleka kaphukusi kwa kondakitala? Amai Rosemary a makala ndiwo anali ndi nkhani yomveka. Ati taonani a Sakala kutsidya kwa njilako: anatsegula kantemba kawo chaka chomwecho, kompyuta yakale ngati yomweyi, koma magemu awo amayenda ngati madzi. Zimenezo n'zachabechabe? A Sakala anaponyela chithumwa m'bokosi la Consolata kudzela pa timabowo ta mphepo, ndicho chikumanga osewela miyendo.

Consolata ankaseka, koma mawuwo anamukhala.

Manje nthawi inali itamuthela. Atate ake anali atanena kuti kantembako kakapanda kudzuka mvula yoyamba isanagwe, anyamule mwana abwelele kumudzi akagwile khasu, ndipo za ukwati akuluakulu akazithetsa okha. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Nyimba. Disiki iyi inali yomaliza.

Kauthenga kaja kanatuluka. Anadina. Anaitana kondakitala wina amene ankadutsa kuti ayese ulele. Munthuyo anasewela pang'ono, kenaka anaika pansi chosewelela.

"Alamu, anyamata anuwa mumawapatsa chakudya? Akuyenda ngati akuchokela ku malilo."

Kondakitalayo anaoloka njila, ulendo kwa a Sakala.

Consolata anakhala nthawi yaitali akuyang'ana bokosilo. Dalaiva anali watsopano, wa dzana dzanali, wochokela ku Lusaka kwenikweni. Ndiye vuto silikanakhala dalaiva. Amai Rosemary ananena zoona basi. Anaganiza kuti Manuel adzakwiya, inde, koma akadzaona chithumwacho ndi maso ake adzamvetsa, mwina mpaka adzabwelela kudzawafunsa a Sakala.

Anapita kukatenga a Daka, bambo wachikulile amene amakonza makina a m'maofesi a ku Boma. Anawauza kuti akapeza kanthu kokulunga asakagwile ndi manja, abusa adzabwela kudzakaotcha. A Daka sanaseke. Anayamba ndi madisiki, kuwatembenuza imodziimodzi, nati onse ndi abwino, madalaiva enieni, aliyense watsopano kuposa mnzake. Mtima wa Consolata unakhala pansi pang'ono. Kenaka anaikanso disiki yomaliza ija, nawelenga kauthenga ka Chingelezi mpaka kumapeto. Anafunsa ngati kamatuluka nthawi zonse. Consolata anati inde, kuyambila pa disiki yoyamba.

A Daka anatulutsa sikuludilaiva. Consolata anasuzumila panja, naona amai Jennipher atatukula khosi, ndipo anakoka nsalu ya pakhomo.

Chitseko cha bokosi chinachoka. Munalibe kokulunga, munalibe nyanga, fumbi lokhalokha. A Daka analoza kampata kakatali kopanda kanthu, kangaude atamangapo nyumba.

"Amai, madalaiva alibe mlandu. Akhala akukuuzani kuti sakupeza khadi, chifukwa muno mulibe khadi."

Anakanda kumutu, osamuyang'ana kumaso.

"Ndiye kuti khadi yake ndi ija ndinaika mu kompyuta ya a Sakala. Amene anabwela nayo ndi amuna anu, m'mawa wa tsiku limene anakwela basi."